Dokotala amene adaika mpeni pansi natola cholembera

Pali funso limene makolo ambiri amafunsa akaona mwana wawo atakomedwa ndi buku la nthano zopeka. Amati: kodi Mkhristu n'kumataya nthawi ndi nkhani yoti mwini wake adangoipanga m'mutu? Kodi kupeka si mbale wake wa bodza? Funsoli si lachibwana ayi, pakuti lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu limatiletsa kunama ndi kunamizira anzathu. Mwezi uno tati tiliyankhe posimba za moyo wa Mkatolika mnzathu wa ku Scotland, Dr. Archibald Joseph Cronin. Iyeyu adaphunzira ntchito ya mankhwala ndi ya opareshoni, adaigwira pakati pa anthu okumba migodi, ndipo pambuyo pake adalemba nthano zimene zidakwiyitsa madokotala anzake, ina n'kudandaulitsa ngakhale Akatolika ena. Ife a kuno ku Kabwe, mzinda umene udabadwa chifukwa cha mgodi, tili ndi chifukwa chapadera chotcherera khutu ku mbiri yake.

Mwana wa mipingo iwiri

Cronin adabadwa pa 19 Julayi 1896 m'mudzi wa Cardross. Bambo wake, Patrick Cronin, adali Mkatolika wa makolo ochokera ku Ireland, pamene mayi wake, Jessie Montgomerie, adachokera m'banja la Chipresibiteriyani. Masiku amenewo ku Scotland Akatolika ndi Aprotestanti sankamwerana madzi, choncho mwanayo adakula akudziwa kuwawa kwa mpatuko wa Akhristu m'banja lake lomwe. Mu 1904 bambo wake adamwalira ndi chifuwa chachikulu, iye ali ndi zaka 7, ndipo mayi wake adalowa ntchito yoyendera zaukhondo kuti amlere ndi kumphunzitsa.

Adaphunzira kwa ansembe a Chijezuwiti pa St Aloysius' College ku Glasgow, ndipo mu 1914 adalowa yunivesite ya mumzinda womwewo kukaphunzira udokotala. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati adatumikira kanthawi ngati dokotala wa opareshoni pakati pa asilikali a pamadzi. Adatsiriza maphunziro mu 1919, nayenda ulendo wa ku India ngati dokotala wa m'sitima yapamadzi. Mu 1921 adakwatira Agnes Mary Gibson, amenenso adaphunzira udokotala, ndipo Mulungu adawadalitsa ndi ana aamuna atatu.

Tisabise kuti pa zaka zimenezi chikhulupiriro chake chidazilala. Mnyamata amene ankatumbula mitembo tsiku ndi tsiku m'chipinda chophunzirira adayamba kuganiza kuti munthu ndi mnofu ndi mafupa chabe. Iye mwini adasimba pambuyo pake kuti china mwa zimene zidambweza kwa Mulungu chidali chikhulupiriro cha anthu osauka amene ankawachiritsa.

Pakati pa okumba malasha

Anthu osaukawo adawapeza ku Wales, m'tauni ya migodi ya malasha yotchedwa Tredegar. Kumeneko antchito adali ndi bungwe lawo, Tredegar Medical Aid Society. Aliyense ankadulidwa kandalama pang'ono pa malipiro ake, ndipo ndalamazo zikasonkhana zinkalipira madokotala ndi kugula mankhwala, kotero kuti wantchito, mkazi wake kapena mwana wake akadwala ankalandira chithandizo osatulutsanso kanthu m'thumba. Adazindikira kale kuti mutu umodzi susenza denga. Cronin adali mmodzi mwa madokotala olembedwa ntchito ndi bungweli. Adaona amayi akuchira m'tinyumba tothinana, adaona ovulala pa ngozi za pansi pa nthaka, adamvanso chifuwa chosatha cha amuna amene adapuma fumbi kwa zaka zambiri.

Mu 1924 boma lidamsankha kukhala dokotala woyendera migodi ya m'dziko la Britain. Adazungulira migodi yambiri nalemba malipoti, ena mwa iwo onena za mgwirizano wa fumbi la malasha ndi matenda a m'mapapo. Koma tonse tikudziwa m'mene malipoti amayendera: amawerengedwa ndi anthu owerengeka m'maofesi, ndipo mayi wamasiye wa wokumba malasha sawaona n'komwe.

Atasiya ntchitoyo adasamukira ku London, ndipo patapita nthawi adayamba kuona odwala ku Harley Street, msewu wa madokotala a anthu olemera. Uko adakumana ndi chiyeso cha mtundu wina. M'buku la mbiri ya moyo wake, limene lidatuluka mu 1952, adavomera kuti ankalandira ndalama zambiri kwa anthu achuma amene sankadwala kwenikweni, powapatsa dzina lokometsera la nthenda ndi kuwabaya majekeseni. Thumba linkalemera, koma mtima sunkapeza mtendere.

Mu 1930 adadwala zilonda zam'mimba, ndipo adalamulidwa kupuma miyezi 6. Adapita ndi banja lake ku famu ina pafupi ndi Loch Fyne ku Scotland, nayamba kulemba nthano imene adaiganizira kwa nthawi yaitali. Adasimba kuti ali pakati pa ntchitoyo adataya mtima, naponya mapepala onse kudzala. Tsiku lomwelo adakumana ndi mlimi wokalamba akukumba ngalande m'dambo limene bambo wake adalimbana nalo moyo wake wonse osapindula, koma iye osaleka. Cronin adachita manyazi, nakatola mapepala aja atanyowa ndi mvula, nawaumitsa. Bukulo, Hatter's Castle, lidatuluka mu 1931 ndipo lidagulidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo sadabwererenso ku ntchito ya udokotala.

Buku limene lidautsa mapiri pachigwa

Mu 1935 adalemba The Stars Look Down, nthano ya mabanja a m'migodi ndi ngozi yodza chifukwa cha umbombo wa mwini mgodi. Koma buku limene lidabweretsa phokoso lalikulu ndi The Citadel, la mu 1937.

Nthanoyi imasimba za dokotala wachinyamata, Andrew Manson, amene afika ku migodi ya ku Wales ali wodzaza ndi changu. Apeza anthu akufa ndi taifodi chifukwa cha ngalande yakale ya zonyansa imene inkaipitsa madzi akumwa, akuluakulu osafuna kuikonza. Iye ndi dokotala mnzake aiphulitsa usiku kuti akuluakuluwo akakamizike kumanga ina. Tsiku lina adula mkono wa munthu wopanikizidwa ndi thanthwe pansi pa mgodi kuti apulumutse moyo wake. Afufuzanso za fumbi limene likuwononga mapapo a antchito. Koma atafika ku London ndalama zimlowa m'mutu. Ayamba kugulitsa mankhwala opanda ntchito kwa olemera, ndi kutumiza odwala kwa madokotala anzake mogwirizana kuti azigawana malipiro. Mkazi wake Christine amchenjeza, iye osamva. Maso ake atseguka tsiku limene munthu wamba, amene iye adamtumiza kwa dokotala wa opareshoni wotchuka koma wosadziwa ntchito, afera pa tebulo iye akuona.

Madokotala ambiri adapsa mtima. Adati Cronin wakokomeza, wanyozetsa ntchito yolemekezeka, ndipo waulula za m'nyumba kwa anthu akunja. Iye adayankha kuti sadalimbane ndi munthu wina aliyense payekha, koma ndi dongosolo loipa limene linkachititsa kuti chithandizo chizitsata ndalama m'malo motsata matenda. Anthu wamba adaligula bukulo mwaunyinji, ndipo mu 1938 lidasanduka kanema. Patapita zaka 11 chitulukire bukulo, pa 5 Julayi 1948, dziko la Britain lidakhazikitsa National Health Service, dongosolo loti munthu aliyense azilandira chithandizo cha kuchipatala mosalipira pakhomo. Nduna ya zaumoyo imene idatsogolera ntchitoyi, Aneurin Bevan, idali mbadwa ya ku Tredegar komwe kuja, ndipo idalidziwa bwino bungwe la antchito lija. Sitinganene kuti buku limodzi ndilo lidasintha malamulo a dziko, koma ambiri amavomereza kuti lidakonza mitima ya anthu kuti alandire kusinthako. Zimene lipoti lidanong'oneza m'ofesi, nthano idazilengeza pamsika.

Wansembe wa m'nthano

Mu 1941 Cronin adatembenuzira cholembera chake ku nyumba yake yachiwiri, ndiye Mpingo. Buku la The Keys of the Kingdom limasimba za Bambo Francis Chisholm, wansembe wa ku Scotland wotumidwa ku China. Pa zaka zambiri za umishonale wake abatiza anthu ochepa, chifukwa akana kugula otembenuka ndi mpunga. Apirira mliri, njala ndi nkhondo, akhala pa ubwenzi ndi amishonale a mpingo wa Methodist, ndipo akuluakulu ake amuyesa wolephera. Mnzake wa paubwana, wodziwa kuyankhula ndi kusonkhetsa ndalama, akwera mpaka kukhala episkopi. M'nthanomo mulinso dokotala wosakhulupirira Mulungu, bwenzi la Bambo Chisholm, amene afa ndi mliri akusamala odwala, ndipo wansembeyo amperekeza pa imfa yake mwachikondi, akuika chiyembekezo chake pa chifundo cha Mulungu.

Akatolika ena sadakondwere. Adaopa kuti bukulo likuphunzitsa kuti zipembedzo zonse n'chimodzimodzi, ndiponso kuti likuchepetsa ulemu wa akuluakulu a Mpingo. Nkhawa yawo sitiyenera kuiseka, pakuti nthano si Katekisimu, ndipo m'kamwa mwa Bambo Chisholm muli mawu ena amene mphunzitsi wa chikhulupiriro angafune kuwawongola. Komabe mu 1964 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udaphunzitsa poyera kuti anthu amene sadziwa Mthenga Wabwino popanda kulakwa kwawo, koma amayesetsa kutsata chikumbumtima chawo mothandizidwa ndi chaulere cha Mulungu, angathe kupulumuka. Chaka chomwecho Msonkhanowo udatilimbikitsa kuona Akhristu a mipingo ina ngati abale. Mwana uja wa bambo Mkatolika ndi mayi wa ku banja la Chiprotestanti adalakalaka zimenezi zaka zoposa 20 zisanalembedwe.

Cronin sitikumuika m'gulu la oyera. Mabuku adamlemeretsa, adakhala zaka zingapo ku America, ndipo zaka zake zotsiriza adakhala ku Switzerland, kutali ndi fumbi la ku Tredegar. Akatswiri ena a zolembalemba amati nthano zake zimakonda kukama misozi ya owerenga. Adamwalira ku Montreux pa 6 Januwale 1981, ali ndi zaka 84.

Kodi tsono kupeka ndi bodza?

Tibwerere ku funso la makolo lija. Bodza ndi kunena chosaona ndi cholinga chonyenga mnzako. Wolemba nthano sanyenga munthu, pakuti owerenga amadziwa kuyambira pa tsamba loyamba kuti Andrew Manson sadabadwepo. Agogo athu akamati "padangokhala", ife n'kumavomera kuti "tili tonse", panalibe mwana amene ankayesa kuti Kalulu adayankhuladi ndi Njovu. Koma tinkachoka pamotopo titadziwa kuti dyera limapha.

Malembo Oyera amatipatsa chitsanzo choposa. Mfumu Davide atatenga mkazi wa Uriya ndi kuphetsa mwamunayo ku nkhondo, mneneri Natani sadayambe ndi kumuwerengera milandu. Adamsimbira nkhani ya munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa kamodzi kokha ka munthu wosauka. Davide adapsa mtima naweruza wolemerayo, osadziwa kuti akudziweruza yekha. Ambuye athu Yesu nawonso ankaphunzitsa m'mafanizo, ndipo fanizo la Msamariya wachifundo, m'mene wansembe ndi Mlevi alambalala munthu wovulala, tidalilandira kudzera mwa Luka Woyera, amene adali sing'anga. Ndithu fanizo limenelo silidakondweretse onse amene adalimva tsiku loyamba.

Funso lenileni tsono si lakuti nkhaniyo idachitikadi kapena ayi, koma lakuti ikutumikira choona kapena ikuchipotoza. Moyo wa Cronin ukutipatsa miyeso itatu yoyesera buku lililonse, ngakhalenso mawu a munthu aliyense amene akudzudzula zolakwika pakati pathu.

Choyamba, adalemba zimene adaziona ndi maso ake ndi kuzigwira ndi manja ake. Sadatole mphekesera za pamsika. Chachiwiri, adadzudzula mchitidwe, osati kuipitsa mbiri ya munthu wodziwika ndi dzina. Apa ndi pamene pasiyanira kudzudzula ndi miseche, imene lamulo lachisanu ndi chitatu limailetsa. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu, sadadzipatule pa olakwawo. Dokotala wogwa m'chiyeso cha ndalama m'buku lake adayenda njira imene mlembi mwini adaiyendapo. Munthu amene amaloza chala ena okhaokha timamkayikira, koma amene ayamba wadzigunda pachifuwa, monga timachitira poyamba Nsembe ya Misa, timamumvera. Dokotala wa opareshoni amacheka thupi kuti achotse chotupa, ndipo akatha amasoka. Wocheka osafuna kusoka ndi chigawenga.

Fumbi lathu la kuno

Nkhani ya fumbi si yachilendo kwa ife. Mgodi wa Broken Hill, umene udabala mzinda uno, udatulutsa mtovu ndi zinki kwa zaka pafupifupi 90 mpaka pamene udatsekedwa mu 1994. Udadyetsa mabanja ambiri ndi kuphunzitsa ana ambiri, ndipo zimenezi sitiziiwala. Koma udatisiyiranso mtovu m'dothi, makamaka m'madera oyandikana nawo monga Kasanda, Makululu ndi Chowa. Mtovu suola. Mwana akamasewera m'fumbi n'kuika zala m'kamwa, umalowa m'magazi ake, n'kumawononga ubongo pang'onopang'ono, kotero kuti amavutika kugwira maphunziro, amachepa magazi, ndipo ukachuluka amatha kukomoka ngakhale kufa kumene. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse limanena kuti palibe muyeso wa mtovu m'magazi umene tingautche wosaopsa.

Kunonso adalipo madokotala amene adaona nalemba. Mmodzi mwa iwo, Dr. A. R. L. Clark, adayeza magazi a ana a kuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, nalemba zimene adapeza mu 1975. Koma ndi angati mwa makolo athu amene adamva za zolembazo pa nthawi yake? Padapita zaka zambiri dziko lisanatchere khutu. Mu 2007 bungwe la Blacksmith Institute lidaika Kabwe pa mndandanda wa malo 10 oipitsidwa koposa pa dziko lapansi, ndipo mu 2019 bungwe la Human Rights Watch lidatulutsa lipoti lonena za ana athu. Mu 2020 maloya adakasuma ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amayi a kuno, kusumira kampani ya Anglo American South Africa, imene idakana kuti ili ndi mlandu. Kuweruza n'kwa makhoti, osati kwa tsamba lino. Chathu n'chakuti choona cholembedwa m'chinenero cha akatswiri okha chimachedwa kufika kwa mayi amene akusesa pabwalo pake m'mawa uliwonse.

Ife a ku Highridge ndi madera ena otalikirako ndi mgodi tisadzinamize kuti nkhaniyi ndi ya anzathu okha. Mphepo ya mwezi wa Ogasiti sifunsa malire a komboni, ndipo ana a ku Makululu timakhala nawo pa benchi limodzi m'tchalitchi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Miphakati yathu ingathe kuchita zambiri zosalira ndalama: kukumbutsana kusambitsa ana m'manja asanadye, kuwaza madzi tisanasese, kukolopa m'nyumba ndi nsalu yonyowa, kubzala kapinga pabwalo kuti dothi lisauluke, ndi kulimbikitsa makolo kukayezetsa magazi a ana kuchipatala.

Pempho lathu

Kwa inu anamwino, madokotala, aphunzitsi ndi antchito a m'maofesi amene mumapemphera nafe: mumaona zambiri zimene ife sitiziona. Ambiri mwa inu mumagwira ntchito mokhulupirika pa malipiro ochepa, ndipo tikukuthokozani. Koma mukaona mankhwala a odwala akutulukira pakhomo lakumbuyo, kapena wosauka akudikira tsiku lonse pamene wopereka kangachepe akulowa msanga, chikumbumtima chanu chisagone. Yambani ndi kudzifunsa nokha, kenaka yankhulani moona ndi mwachikondi kwa oyenera kumva.

Kwa ife tonse: munthu wa m'nyumba mwathu akatiuza chowawa, kaya ndi za chipatala, za sukulu kapena za parishi yathu imene, tisathamangire kumutcha woukira. Timuyese ndi miyeso itatu ija. Akapezeka woona, tikumbukire kuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndipo kwa inu makolo: mwana wanu akakonda kuwerenga nthano, musamlande buku. Khalani naye pansi, mumfunse zimene wawerenga, muyese naye pamodzi ngati nkhaniyo ikutumikira choona. Akayamba kulemba zake, m'Chinyanja kapena m'chinenero china chilichonse, mguleni kope ndi cholembera. Mbiri ya mabanja a mumgodi wathu, ya amuna amene adatsikira pansi ndi ya ana amene adakulira m'fumbi, ikusowabe anthu oisimba m'mawu oti agogo ndi adzukulu amve. Mwina mmodzi wa oisimbawo akudya nsima m'nyumba mwanu lero.

Luka Woyera, sing'anga ndi mlembi, atipempherere. Mulungu akusungeni nonse mpaka tidzakumanenso mwezi wamawa.